Khrisimasi ya ana kwa Chimaliro isadikire galimoto ya bwana

Chaka chatha, kutatsala sabata ziwiri kuti Khrisimasi ikwane, mayi a kunyumba adandiuza tikudya mgonero kuti kumudzi kwawo, m'dera la mfumu yaikulu Chimaliro ku Thyolo, amayi a mipingo ingapo agwirizana zokonzera ana phwando, ndipo banja lathu lalembedwa kale pamndandanda wa okathandiza. Sadandifunse maganizo. Inu amene mudakwatira kummwera kuno mukudziwa kuti nkhani ikachokera kwa apongozi, mkamwini chake n'kufunsa tsiku ndi nthawi basi.

Koma ine, mwina chifukwa chozolowera misonkhano ya m'maholo, ndidafunsa zina. Ndidati: "Kodi ndi bungwe liti likupereka ndalama? Nanga ya thiransipoti adzabweza?"

Adandiyang'ana kwa kanthawi, kenako adati: "Bungwe lake ndinu, bambo. Mukawaza nkhuni."

Ana adaseka mpaka kutsamwa ndi nsima. Inenso ndidaseka nawo, koma usiku umenewo funso langa lija lidandisowetsa tulo. Ana okadya phwandolo ndi a alamu anga, a anansi a apongozi anga, ena makolo awo ndidawayika nawo m'manda ndi manja angawa. Ndiye ndimafuna ndani andilipire kuti ndiwawazire nkhuni?

Ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndili ndi matenda amenewa, n'chifukwa chake ndati tikambirane. Maganizo anga ndi akuti phwando la ana la Khrisimasi ndi ntchito ya mabanja a m'deralo pamodzi ndi ife amene tidachoka kumudzi n'kukakhala pa Luchenza, pa Goliati, pa Bvumbwe, pa Boma kapena ku Limbe. Ndipo banja lizipita lonse, bambo, mayi ndi ana, kukagwira ntchito, osati kukakhala pamipando ya kutsogolo.

Tisanamunyoze munthu wa ku Thyolo amene amakayikira ntchito yaulere, tiyambe takumbuka kumene tachokera. Mawu oti thangata poyamba adali abwino. Kuthangata kudali kuthandiza mnzako kapena mfumu kumunda, mawa iyenso n'kudzakuthandiza. Azungu atatenga malo aakulu m'dera lino kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, adatenganso mawuwo n'kuwapotoza. Munthu wokhala pamalo a esiteti ankagwira ntchito mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kupitirira apo, m'malo mwa lendi ndi msonkho, ndipo nthawi yake inkakhala ya dzinja pamene munda wake womwe ukulira khasu. Makolo athu ambiri a Chilomwe amene adawoloka kuchokera ku Mozambique adafikira m'goli limeneli. Thangata ndi chimodzi mwa zimene zidamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira atsamunda mu 1915 ku Chiradzulu, ndipo zipolowe za mu 1953 zidayambira ku Thyolo konkuno, kufupi ndi Luchenza, mkwiyo wake waukulu uli pa malo ndi thangata yemweyo. Lamulo lidathetsa mchitidwewu mu 1962, koma kuwawa kwake kudatsala m'nkhani za agogo athu.

Pamwamba pa bala limenelo padabweranso chizolowezi cha alawansi. Kuyambira zaka za m'ma 1990 mabungwe atachuluka, tidaphunzira kuti munthu sakhala pamsonkhano wokamba za chitsime cha m'mudzi mwake momwe popanda envelopu. Mbiri idatiphunzitsa kuti ntchito yaulere ndi ukapolo, mabungwe n'kutiphunzitsa kuti ntchito yothandiza mudzi ili ndi mwini wake wolipira. Pakati pa ziwirizi, thangata weniweni uja adasowa pokhala.

Komabe sadafe. Nthawi imene Edzi inkakolola anthu m'boma lino, a Médecins Sans Frontières atayamba ntchito yawo ku Thyolo mu 1997 n'kuyamba kupereka ma ARV mu 2003, adali anthu wamba a m'midzi amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala ndi kuwakumbutsa kumwa mankhwala. Phala limene bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka m'dziko muno mu 2002 limaphikidwa ndi anthu odzipereka, ambiri mwa iwo amayi, amene amadzuka kusadache kukakoleza moto kusukulu. Tikayang'ana bwino, mtolo umenewu tidausenzetsa amayi okha. Abambo ndi ana athu a m'tauni tidangouyang'anira patali.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikulimbikira za Khrisimasi, ngati kuti miyezi ina ana sadya? Aliyense wodziwa Thyolo akudziwa kuti Disembala ndi mwezi wa nkhope ziwiri. Mvula ikagwa tiyi amaphuka mwamphamvu, ndipo kuyambira mwezi umenewu mpaka cha m'Epulo ndi pamene maesiteti monga Conforzi, Makandi, Naming'omba ndi Satemwa amafuna manja ambiri othyola masamba. Mukadutsa pamsewu mumaona kubiriwira kosangalatsa maso, koma kumbuyo kwake kuli mayi amene wachoka panyumba mbandakucha, dengu kumsana, ndipo abwerako madzulo atatopa, makilogalamu a pasikelo ali m'mutu. Mwezi womwewo sukulu zatsekera, ndipo kumene ana amalandira phala kusukulu, phalalo latsekeranso. Chimanga cha m'timinda tathu tating'onoting'ono chidatha kalekale, cha m'munda sichidamasule n'komwe. Nthochi zimene kale zinkapulumutsa mabanja a kuno zidasakazidwa ndi matenda a chisaka. Onjezanipo namondwe wa Freddy amene adakokolola minda ndi nyumba mu Malichi 2023, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, mudzamvetsa chifukwa chake mpunga ndi nkhuku za pa Khrisimasi zidasanduka nthano m'makomo ambiri.

Mwana wa m'dera ngati limeneli amakhala masiku a tchuthi akulera mng'ono wake, akutola mango, akudikira kuti amayi abwere. Tsiku limodzi loti munthu wamkulu amutchule dzina, amusambitse m'manja, amupatse mbale yakeyake, si kanthu kakang'ono.

Tidanyamuka m'mawa wa tsiku la phwandolo ndi thumba la mpunga laling'ono, nkhwangwa, mbale zonse za m'nyumba mwathu ndi ana awiri okwiya. Wamkulu, mtsikana wa ku sekondale, ankadandaula kuti anzake akupita kukaonera kanema. Wamng'ono, mnyamata wa sitandade 4, adavala nsapato zake zatsopano poganiza kuti akukakhala mlendo wolemekezeka. Titafika pabwalo la sukulu pamene padakonzedwa zonse, mayi wina wachikulire amene ankagawa ntchito sadataye nthawi ndi malonje ataliatali. Mtsikana adamupatsa ndowa ndi sopo, mnyamata adamupatsa jagi yothirira anzake madzi m'manja, mayi a kunyumba adalowa kumafuwa, ine adandilozera chipika cha bulugama.

Ndiulule pano kuti nkhuni zidali zonyowa. Tidazidula mochedwa, mvula itayamba kale, ndipo utsi wake udaliza amayi misozi mpaka mpunga udapsa mochedwa kwambiri. Pamenepo ndi pamene ndidaona ubwino wobwera ndi achinyamata. Mwana wanga wamkazi uja, amene kunyumba amayankha ndi mapewa, adasonkhanitsa atsikana n'kuyambitsa fulaye ndi phada, anyamata adapanga mpira wa chikulunga, ndipo gogo wina adakhazika tiana tating'ono m'kalasi n'kumatiponyera ndagi. Kenako ana a Sande sukulu adachita sewero la kubadwa kwa Yesu, nkhosa zake ali ana ovala matumba a feteleza, ndipo Herode adakwiya mopitirira muyezo mpaka tiana tina tidathawira kwa amayi awo. Palibe adakumbuka kuti chakudya chachedwa, kupatula mwana wanga wamwamuna amene ankabwera pafupipafupi kudzandinong'oneza kuti: "Ababa, nanga ife tidya nthawi yanji?"

Lamulo la amayi aja lidali loti otumikira adya pomaliza, kaya ndi mwana wa mphunzitsi, kaya wa mwini golosale. Ndi lamulo labwino kuposa maulaliki ambiri amene ndamvapo.

Chakudya chili mkati, mnyamata wanga adabwera akuthamanga, maso ali tong'o. Adati: "Ababa, mtsikana uyo akuba nyama. Wayika m'pepala la shuga, wabisa m'chitenje." Ndisanayankhe, mayi wachikulire uja adamugwira paphewa n'kunena motsitsa mawu: "Sakuba ayi, mdzukulu wanga. Nyamayo ndi yake. Kunyumba wasiya agogo ake osaona ndi mng'ono wake wodwala malungo. Iwe pita ukatenge mbale ina, tiwapakulire, ukaperekeze mnzakoyo."

Adapita, nsapato zatsopano zija zikumira m'matope. Atabwerako sadanene zambiri, ndipo ine sindidamufunse. Ndidangoona kuti pa chakudya chake sadasankhe mnofu monga amachitira kunyumba. Ndakhala ndikumuuza mwanayu kwa zaka zambiri kuti asamataye nsima chifukwa ena akugona ndi njala, koma mawu angawo ankangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ulendo umodzi wonyamula mbale udachita zimene pakamwa panga padalephera.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati kuthandiza n'kutumiza ndalama pafoni basi, ana n'kuwasiya pa wailesi yakanema. Ndalamazo n'zofunika, musaleke kutumiza. Koma ana athu amene akukulira m'matauni akuyamba kuona kumudzi ngati malo a maliro ndi opempha. Tikapanda kuwatenga kuti akatunge madzi limodzi ndi abale awo, tisadzadabwe mawa akadzatiyika m'manda mothamanga n'kubwerera tsiku lomwelo osadziwa dzina la msuweni ndi mmodzi yemwe. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwana saphunzira mwambi umenewu pongoumva.

Tsopano ndikambeko za Khrisimasi ina imene tonse tidaizolowera, ya galimoto. Mukuidziwa. Ana amasonkhanitsidwa mamawa, amaphunzitsidwa nyimbo yolandirira alendo, ndipo amakhala padzuwa mpaka masana kudikira bwana wochokera ku kampani kapena wofuna mpando pachisankho. Akafika pamayamba malankhulidwe: wapampando, mlembi, woimira uyu, woimira uyo, aliyense kuthokoza mnzake. Kenako wina amakuwa kuti: "Ana amasiye imani mbali ino!" Tiana timandandalikidwa, aliyense atanyamula paketi ya shuga pachifuwa, zithunzi zijambulidwa, madzulo zili kale pa Facebook. Galimoto ikangotembenuka, nkhani yatha mpaka chaka chamawa.

Sindikunena kuti shugayo ndi woipa, kapena kuti onse obwera pagalimoto alibe mtima wabwino. Koma taganizirani mwana amene amayi ake adamwalira chaka chomwecho, akuitanidwa pagulu ndi dzina la umasiye kuti alandire sopo. Dzina limenelo silitsala pabwalopo. Limamutsatira kusukulu mu Januwale, anzake akamakangana naye amamukumbutsa. Ndipo mwana woyandikana naye nyumba, amene makolo ake onse ali moyo koma sadadye dzulo, amaima kunja kwa chingwe akuonerera. Ife eni mudzi timadziwa kuti njala siyang'ana satifiketi ya imfa.

Amayi a kumudzi kwa apongozi anga adakana mndandanda wa amasiye. Adati phwando ndi la ana onse a midzi yozungulira, wa Katolika, wa CCAP, wa Seventh Day, wa Chisilamu ndi amene makolo ake sapemphera kulikonse. Nyama adagula yozingidwa mwa Chisilamu kuti pasakhale mwana wokana mbale. Amene akuvutika kwambiri amayiwo ankawadziwa kale, ndipo kaphukusi kawo kadapita kunyumba mwakachetechete madzulo.

Chilungamo chake n'chakuti njira imeneyi ili ndi mavuto ake, ndipo ife tidawaona. Ana adabwera ochuluka kuposa amene tidawerengera, chifukwa fungo la mpunga silidziwa malire a mudzi. Mpunga udatha ena asadalandire, tidachita kutumiza anyamata kukapempha ufa m'makomo kuti tiphike nsima, ndipo kamwana kena kadalira kwambiri poona kuti anzake adya mpunga iko kapatsidwa nsima ya tsiku ndi tsiku. Anyamata akuluakulu ankakankha ang'onoang'ono pamzere. Padafunika abambo oti ayimirire pamenepo, koma abambo tidalipo owerengeka. Ena onse adali pamsika, akulandira Khrisimasi m'njira yawo imene tonse tikuidziwa, ndipo madzulo tidakumana nawo akuyeza msewu.

Abambo anzanga, pano pokha ndiloleni ndikulankhuleni. Ndalama imene imathera pa mowa tsiku limenelo m'dera limodzi lokha ikhoza kugula mpunga wa ana onse, koma ine sindikupempha ndalama yanuyo. Ndikupempha maola anayi. Pakufunika wowaza nkhuni, wokoka madzi pamjigo, woimbira mpira, wokonza mzere kuti ang'ono ayambe kulandira, komanso woperekeza tiana pobwerera, chifukwa mu Disembala timitsinje ta kuno timadzadza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda. Mwana wanu akakuonani mutanyamula ndowa pamaso pa anthu, adzakumbukira zimenezo nthawi yaitali kuposa malaya amene mudamugulira pakaunjika.

Wina anena kuti zonsezi n'kudzisangalatsa chabe, tsiku limodzi la mpunga silithetsa njala ya mpaka Malichi. Akunena zoona, ndipo amene akuganiza kuti akadyetsa ana pa 25 Disembala wamaliza udindo wake akudzinamiza. Nkhani za malipiro a m'maesiteti, kuchepa kwa malo olima ndi mtengo wa feteleza sizingathe ndi phwando, zimafuna atsogoleri ndi malamulo. Koma ine ndidaona kuti tsiku limodzi lija lidatitsegula maso. Potsuka mapoto madzulo, amayi adayamba kuwerengetsera kuti ndi makomo ati amene mwana akulera ana anzake, ndi mwana uti amene sadabwere chifukwa alibe chovala, ndiponso kuti sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzimo imasowa ufa wa phala mu Febuluwale. Mabanja angapo adalonjeza pomwepo kuti azisinthana kupereka ufa ndi soya mpaka chimanga chitacha. Ife a m'tauni tikadangotumiza ndalama pafoni, zimenezi sitikadazimva.

Winanso anena kuti zinthu zadula, banja lake lomwe likuvutika, ndiye apereka chiyani? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma pa phwando lija amene adapereka zambiri sadali a malipiro a pamwezi. Mayi wina wothyola tiyi adabwera ndi lichero la mango. Wina adafulula thobwa. Mnyamata wa kabaza adanyamula katundu kuchokera pamsika osalipiritsa. Mwini kagolosale adapereka mchere ndi machesi. Mphunzitsi wopuma pantchito adabwereketsa poto wamkulu amene nthawi zonse amangotuluka pamaliro, ndipo adanena yekha kuti potoyo wasangalala kuphikira amoyo. Tikamadikira kuti tilemere kaye ndiye tidzathandize, ana awa adzakhala atakula.

Kwa amene mukufuna kuyambitsa zotere kwanu, pali zingapo zimene tidaphunzira movutikira. Pitani kaye kwa amfumu, chifukwa bwalo ndi lawo ndipo mawu awo ndi amene amaletsa anyamata osokoneza. Pemphani zinthu m'malo mwa ndalama, ndipo chilichonse cholandiridwa chilembedwe papepala lomata pakhoma kuti aliyense awerenge. Maphwando ambiri abwino adafera pa mphekesera yoti msungichuma wadya. Ndipo musachite masewera ndi ukhondo. Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nyengo yake yoopsa ndi yomweyi ya mvula. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu aitanidwe, madzi akumwa athiridwe mankhwala, ndipo ana asambe m'manja ndi madzi othira, osati onse m'beseni limodzi monga tinkachitira kale. Ntchito ya jagi ija, imene mwana wanga ankaiona ngati yonyozeka, idali yofunika kuposa yanga ya nkhwangwa.

Nanga a galimoto aja tiwathamangitse? Ayi ndithu. Maesiteti, eni mashopu, aphungu ndi makhansala, ngakhalenso ogwira ntchito pa yunivesite ya MUST imene idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata pafupi ndi Goliati, onsewa ndi anansi athu ndipo thandizo lawo likufunika. Pempho langa n'lakuti thumba la mpunga lifike kwa amayi okonza sabata imodzi tsikulo lisadakwane, lopanda nsalu ya chipani kapena chikwangwani. Ngati bwana akufuna kubwera, abwere ndi mayi a kunyumba kwake ndi ana, avule jekete, afunse kuti ntchito yatsala iti. Malankhulidwe asunge a pamsonkhano wa chitukuko. Ndipo ngati galimotoyo yatitimira m'matope panjira, monga zimachitikira m'misewu yathu ya fumbi nthawi ya dzinja, ana adye pa nthawi yake osaidikira.

Mndandanda wa chaka chino wafika kale kunyumba kwathu, wolembedwa papepala la m'kope. Mtsikana wanga amuyika woyang'anira masewero, ndipo wakopa anzake awiri a kusukulu kuti apite nawo. Mnyamata wapempha yekha kuti akhale m'gulu lonyamula mbale kupita kwa ana ndi agogo amene sangathe kufika pabwalo, koma wati ulendo uno avala nsapato zakale. Dzina langa lili pomwe lidali, pa nkhuni, ndipo pambali pake apongozi alembapo ndi bolopeni yofiira kuti zidulidwe mvula isadayambe ndipo zisungidwe pakhonde la kalasi. Loweruka likudzali ndikwera minibasi ya ku Goliati ndi nkhwangwa yanga.